Mmene Ndinakhwimira ku Lichinga

Ndiyambe ndi kulumbira kuti kwa sing'anga ine sindinapondeko. Ndikunena poyera chifukwa kuno ku Msumba alipo anthu amene mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana masaya anga m'malo mwa maso, ngati pamasayapo panalembedwa nambala ya nyimbo. Zimene zinandichitikira n'zopusa kuposa za kwa sing'anga, ndipo palibe anandikoka mkono. Ndinapita ndekha, nditasamba, nditavala nsapato za pa Sabata.

Ine ndine mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri (pakhomo ndimati makumi anayi, ndipo amuna anga anaphunzira kalekale kusatsutsa). Ntchito yanga ndi kugula usipa kwa asodzi, kuyanika pathandala ndi kukagulitsa. Nthawi imeneyo ndinalinso wapampando wa gulu la amayi a mpingo, udindo umene ndinaupeza chifukwa cha mawu aakulu ndi luso lodzudzula. Ndinkadzudzula atsikana odzola mafuta oyeretsa khungu. Ndinkadzudzula amayi opita kukatemera mphini kuti malonda ayende. Lachinayi lina ndinalalikira ola lathunthu kuti nkhope imene Mulungu anakupatsa ndi imene adzakuzindikire nayo pachipata chakumwamba, ndipo amayi awiri analira.

Tsono m'banja mwathu akazi tikapitirira zaka makumi atatu timamera tinjerewere takuda m'masaya ndi m'munsi mwa maso, tating'ono ngati chitowe. Kupweteka ayi, kuyabwa ayi. Amayi anga anali nato, anathawa nato nkhondo kupita ku Malawi, anabwerera nato, ndipo palibe msilikali wa pamalire amene anawafunsapo mapepala ake. Ine ndinakhala nato zaka zambirimbiri osatiganizira n'komwe.

Kenako Lusia, mtsikana amene ndinamuimira pa ubatizo, anapeza mwamuna wa ku Nampula, ndipo anandisankha kukhala madirinya wa ukwati wake. Madirinya ndiye mayi woima pambali pa mkwatibwi tsiku lonse: m'tchalitchi, pachithunzi chilichonse, mpaka podula keke. Lachinayi lina titatuluka m'mapemphero, Lusia anandijambula pafoni kuti atumize kwa apongozi ake aone madirinya. Mayi Esnati, mlembi wa gulu lathu, amene mpando wanga ankauyang'ana monga mphaka ayang'anira nsomba yoyanika, anatenga foniyo n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.

"Iii, amayi apampando, ntchentche za pathandala zimakukondani bwanji! Mpaka pachithunzi zakutsatirani?" Anayandikitsa foni kumaso. "Ooo, pepani, ndi nkhope."

Amayi onse anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, monga amasekera munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. Ndinafunsa Lusia, mongocheza, kuti mayi a mwamunayo ndi otani.

"Sindinawaonepo, amayi. Koma anagwira ntchito mu ofesi moyo wawo wonse, ndipo mawu awo pafoni ndi osalala kwabasi."

Basi, pa mawu osalalawo ine ndinamangapo munthu wathunthu: wamtali, wonunkhira, wa khungu ngati la khanda, ataima pachithunzi pambali pa ine ndi chitowe changa.

Kutatsala milungu isanu ndi iwiri kuti ukwati uchitike, ndinauza amuna anga, a Barnaba, kuti ndikupita ku Lichinga kukasankha makapulana, zitenje za amayi ovina pa ukwati. A Barnaba ndi mmisiri wokonza mabwato, munthu amene mawu ake a tsiku lonse angakwane m'kabokosi ka machesi. Anangoti, "Muyende bwino."

Makapulana ndinagula mofulumira, kenako ndinalunjika ku saluni ina kuseri kwa msika imene mnzanga wa malonda anandinong'oneza. Mwini wake, Dona Selina, anali mtsikana wovala gauni loyera. Pano ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anandinamiza, chifukwa nkhani imakoma ukakhala ndi womuloza chala. Koma ayi. Anandiyang'ana pansi pa nyale nthawi yaitali, n'kunena zoona zokhazokha.

"Mayi, kuchotsa n'kotheka. Koma khungu lakuda ngati lathuli lili ndi mkwiyo. Mukalipweteka, limabwezera ndi kuda kwambiri pamalo pomwepo. Tiyeni tiwotche titatu tokha cha kukhutu kuno, mupite, mudzabwere patatha mwezi tione mmene lachitira."

"Mwezi? Mwananga, ine ndachokera kunyanja, sindinabwere kudzalawa. Wotcha tonse."

"Mumagwira ntchito yanji? Chifukwa ngati mumakhala padzuwa, bola tidikire nyengo yozizira."

"Ya mu ofesi," ndinatero.

Ananunkhiza pang'ono mphepo imene ndinalowa nayo, koma poti analeredwa bwino, anangogwedeza mutu. (Thandala ndi ofesi. Lili ndi miyendo inayi, ndipo ndimaimapo kuyambira m'mawa.)

Anatenga kachipangizo konga cholembera, ka waya kunsonga, n'kuyamba. Ka-tsi, ka-tsi, ka-tsi. Fungo lake linali la nkhuku yowawula. Tinjerewereto tinapezeka makumi asanu ndi kamodzi, ndipo ine pa kalikonse ndinkafinya mpando n'kumati sindikumva kanthu. Atamaliza anandipatsa botolo la mafuta oteteza ku dzuwa ndi pepala la malamulo, n'kundiwerengera ngati kwa mwana wa katekisimu. Dzuwa lisakhudze nkhope. Chipewa chachikulu tsiku lililonse. Mafutawa m'mawa, masana kubwerezanso. Nkhanambo zigwe zokha, osazitokosa. Osapaka china chilichonse, kaya mandimu, kaya za pamsika. Chikasintha chilichonse, ndimuimbire foni. Ine ndinavomera zonse ndi "sim, sim," monga timavomerera malumbiro a ukwati, maganizo ali kale kumadyerero.

Lamulo loyamba ndinaliphwanya lisanathe ola limodzi. Minibasi ya ku Metangula inali itadzaza, ndiye ndinakwera kumbuyo kwa lole ya simenti, pamtetete. Chipewa sindinagule, poti kwathu chipewa chachikulu amavala ndi azungu odzaona nyanja. Titafika pa Maniamba tayala linaphulika, ndipo tinakhala pambali pa msewu maola atatu, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Mthunzi unalipo, wa mtengo wa mango, koma ine ndinakana kusiya mtolo wa makapulana pa lole. Ndinadzilimbitsa mtima ndi nzeru za kwathu: ine wakuda kale chonchi, dzuwa lindidetsanso pati? Makala sapsa kawiri. (Makala amapsa kawiri. Ndiyo ntchito yake.)

Nditafika kunyumba, a Barnaba anandiyang'ana kumaso, kumene kunali timadontho tofiira makumi asanu ndi kamodzi.

"Mayi a Rute, kumasoku?"

"Udzudzu wa ku Lichinga."

"Ku Lichinga kozizira kuja?"

"Wakumeneko umavala majuzi."

"Ooo," anatero, n'kubwerera ku bwato lawo.

M'mawa mwake ndinayesa kukhala womvera. Ndinapaka mafuta oteteza ku dzuwa aja. Mwina anawapangira anthu a khungu lina, chifukwa pa ine anangoti mbuu, nkhope yonse ngati ndagwera m'phulusa. Ndikutuluka pakhomo, a Barnaba anafunsa mwaulemu ngati ndalawirira kuchigayo. Ndinabwerera, ndinasamba, botolo linalowa pansi pa bedi kukapuma.

Ndiye ngati kuti nyanja inamva za ofesi yanga, usipa unagwa. Sindinaonepo usipa wochuluka chotero chibwerere ine ndi amayi anga kuchokera ku Malawi. Mabwato ankafika m'mawa atalemera mpaka madzi kunyambita m'mphepete. Munthu wa malonda angakhale m'nyumba nthawi yotere chifukwa cha kapepala ka mtsikana wa ku Lichinga? Ndinaima pathandala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku ndi tsiku, dzuwa lina lochokera kumwamba, lina lonjanja kuchokera pamadzi, lina pamchenga. Ndinkatembenuza usipa kuti uume mbali zonse, nkhope yanganso ikuuma nawo.

Pofika Lamulungu timadontho tija tinali titasanduka nkhanambo, ndipo zinkayabwa ngati chitedze. Tsiku limenelo a padiri analalikira za mibadwo ya mafumu a Israyeli, wina kubala wina, winayo kubalanso wina. Chala changa chinangopita chokha. Nkhanambo imodzi inamatuka mokoma, ngati khoko la dzira lowiritsa. Ndinati imodzi yokha. Pofika nthawi ya chopereka tsaya lamanzere linali litatha. Lamanja ndinalimaliza pa zolengeza.

Pansi pake panali timawanga toyera, tosalala. Ndinadziyang'ana pagalasi n'kuganiza kuti Dona Selina ndi mwana wamantha, anthufe timachira msanga. Zinakhala choncho masiku khumi okha. Kenako timawanga tija tinayamba kudera, kuchoka pa kofi wamkaka kufika pa kofi wopanda kanthu, kufika pa inki. Kalikonse kanali kakakulu kuposa kanjerewere kamene kanalipo, ndipo tinandandalika m'masaya onse awiri mwadongosolo, ngati munthu wachita kuyeza ndi rula. Dona Selina anandiimbira kawiri kufunsa mmene ndikupezera. Sindinayankhe. Ndikanamuuza chiyani, kuti denga la ofesi linasasuka?

M'malo mwake ndinaitana dokotala wamkulu wa banja lathu, mlamu wanga Joana wa ku Nkholongue, amene sukulu anasiyira kalasi yachitatu koma palibe matenda amene sawadziwa. Kwa iye yekha ndinaulula zonse. Anandigwira chibwano, n'kutembenuza nkhope uku ndi uku ngati akugula mbuzi.

"Zazing'ono izi, mlamu. Mandimu, soda ndi kaphulusa pang'ono. Mupake, mukhale padzuwa kuti zilowerere. Ine zidendene zanga ndinachiza ndi zimenezi."

Munthu wanzeru akanaona kuti pakati pa chidendene ndi tsaya pali ulendo. Ine ndinafinya mandimu anayi. Kuthetheka kwake ndinayimba nyimbo ya Pasaka mwezi wa Okutobala, koma Joana anati kuwawako ndiye kuti mankhwala akumenyana ndi matenda. Anamenyanadi, ndipo bwalo lake linali nkhope yanga. Panatuluka matuza, ndipo atauma, mawanga amene kale anali patalipatali ngati zilumba anagwirana manja n'kukhala dziko limodzi.

Joana sanataye mtima (nkhope sinali yake). Patapita masiku awiri anabwera ndi kabotolo kopanda dzina kochokera pamsika wa ku Metangula. Anati kanabwera pa boti kuchokera kutali, ndipo ndi kamene amadzola akazi a mabwana. Ndinakazindikira. Kanali mtundu womwe uja ndinkalanda atsikana a kwaya n'kukataya m'chimbudzi. Ndinakayang'ana, ndinayang'ana kalendala, kenako ndinatseka chitseko.

Kunena zoona mafutawo ankagwira ntchito. Anayeretsa paliponse kupatula pamawanga pokha. Patatha masiku khumi nkhope yanga inali ngati papaya lakupsa lodula pakati, nthanga zake zili poyera, litakhazikidwa pa khosi la makala. Ndinayamba kumanga mpango mpaka pamphuno, kumangosiya maso.

Apa m'pamene Mayi Esnati anachita masamu. Mayi wapita yekha ku Lichinga. Wabwera ndi zizindikiro zondandalika m'masaya onse awiri. Mlungu womwewo usipa wagwa wosaoneka n'kale lomwe, ndipo thandala lodzaza kwambiri ndi lake. Tsopano akubisa nkhope. Yankho anapeza mosavuta, ndipo analigawa ulere pachitsime: amayi apampando anapita kukakhwima, zili kumasozo ndi mphini.

Sindikubisirani, poyamba zinali ndi ubwino wake. Asodzi amene kale ankandipikisanitsa ndi anzanga anayamba kundisungira usipa wabwino osapempha. Amayi oyandikana nane anasunthira mathandala awo kutali, malo n'kundikulira. Ana anasiya kuba usipa wanga. Ngakhale agalu ankaoneka ngati amva. Uthenga utabwera woti a padiri akufuna ine ndi amuna anga pa msonkhano wa amayi Lachinayi, ndinakhala pansi n'kuyeza bwinobwino. Wokhwima amaopedwa, wopusa amasekedwa. Kwa masiku awiri athunthu ine, wapampando wa amayi a mpingo, ndinkaona kuti bola ufiti.

Lachitatu masana Lusia anandipeza kuseri kwa nyumba. Sanakhale pamkeka. Anaima patali, maso atatupa.

"Amayi, kunyumba akuti tipeze madirinya wina."

"Chifukwa?"

"Akuti munavomera udindowu kuti muime pafupi ndi ine. Akuti mukufuna kutenga ubereki wanga kuti muchulukitsire usipa." Analira. "Ine ndakana, ndati si zoona. Koma amayi, bwanji simukuvula mpangowo?"

Mwana ameneyu ndinamunyamula pa ubatizo akulemera ngati kambale, anandikodzera pa bulauzi yoyera, ndipo tsopano ankaopa kukhala pamkeka wanga. Kuopedwa kuja kunandithera kukoma pomwepo. Ndinamuuza kuti abwere ku msonkhano mawa, abwerenso ndi mayi ake.

Lachinayi pakhonde la tchalitchi panadzaza. Anabwera ngakhale amayi amene chaka chonse amadwala miyendo tsiku la kusesa. Mayi Esnati anawerenga milandu kuchokera m'kope, ndi mawu achisoni a munthu amene akusangalala kwambiri. A padiri, munthu wofatsa amene ankaoneka kuti akanakonda kukhala kwina kulikonse, anatembenukira kwa amuna anga.

"A Barnaba, inu monga mutu wa banja, mukudziwapo chiyani za zimene zili kumaso kwa mayi?"

A Barnaba anaimirira, anavula kapu, anakonza kukhosi.

"Ndi udzudzu wa ku Lichinga, abambo. Umavala majuzi."

Anakhala pansi, nkhope ili phee. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanditeteza kapena ankabwezera.

Ndinaona kuti ndikachedwa, a padiri alemba zimenezo m'buku la mpingo. Ndinaimirira n'kumasula mpango. Wina kumbuyo anati "Yesu!" mwana wa pamsana n'kuyamba kulira. Ndinatulutsa m'chikwama mabotolo awiri n'kuwaika patebulo: la mafuta oteteza ku dzuwa, lodzaza mpaka kukhosi, ndi kopanda dzina kaja, kotsala pang'ono kutha. Ndinafotokoza zonse, kuyambira chithunzi, ofesi, lole, mafumu a Israyeli, mpaka zidendene za Joana.

Kenako mayi wina wa kwaya anayesa kubweza chiseko, chinamutulukira m'mphuno, ndipo khonde lonse linaphulika. Anthu anagwirana mapewa. A padiri anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi chimene chinawatengera kuseri kwa chipilala. Mayi Esnati anadikira mpaka phokoso litachepa, n'kufunsa ndi nkhawa yachikhristu:

"Nanga amayi apampando, pachipata paja adzakuzindikirani bwanji?"

Ulaliki unali wanga womwe, ndipo unali wabwino. Koma Lusia anadutsa pakati pa anthu n'kudzakhala pambali panga pabenchi, phewa lake kukhudza langa, akuseka ndi misozi. Za madirinya wina sizinamvekenso.

Pobwerera kunyumba a Barnaba ankayenda patsogolo. Titapitirira sukulu anayankhula osatembenuka.

"Pepala la malamulo lija munalisiya mu mtolo wa makapulana. Ndinaliwerenga tsiku lomwelo."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndimati munena nokha." Anayenda pang'ono. "Tinjerewere tija tinamera m'nyumba mwanga. Mukanandifunsako."

Amenewo anali mawu a mwezi wathunthu, ndipo anawathera pa ine tsiku limodzi. M'mawa mwake ananditengera kuchipatala.

Namwino wake anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga Rute. Anamvetsera nkhani yonse akulemba, ndipo pa mandimu anasiya kaye cholembera n'kuyang'ana kudenga. Kabotolo kaja anakanyamula ndi zala ziwiri n'kukaponya m'chidebe cha zinyalala.

"Mayi, izi zimakhala ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu. Mukasiya, nkhope ikwiya kaye masiku angapo, ituluka totupa. Musabwerereko, mubwere kuno."

Anandifotokozera zomwe zija ananena Dona Selina, koma tsopano ndinali ndi makutu. Khungu lakuda likapsa, likakandidwa kapena likatupa, limatulutsa kuda kochuluka pamalopo, ndipo dzuwa limakoleza. Chilichonse chowawa chimene ndinkapaka chinali bala latsopano, bala lililonse kuda kwatsopano. Anati ndizisamba ndi sopo wofatsa, osakhula. Mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, ndipo alipo ena okhala ndi mtundu wa khungu amene sasandutsa munthu wa kuchigayo. Chipewa, mthunzi. Anandilembera mafuta ena okagula ku farmasiya, oti ndizipaka pang'ono pamawanga pokha zilonda zikapola.

"Zitha liti?" ndinafunsa.

"Mukamvera, miyezi isanu ndi umodzi ziyamba kuzimirira bwino. Mwina chaka."

"Ukwati uli Loweruka la mlungu wa mawa."

"Ndiye mukavine kwambiri, mayi, anthu aziyang'ana miyendo."

Tsiku la ukwati mtsikana wokongoletsa mkwatibwi anandimvera chisoni n'kundimata zophodera zake. Mtundu wake unali wa Lusia, amene ndi woyererako, choncho ndinatuluka ndi nkhope yobwereka, yothera pachibwano ngati chigoba. M'tchalitchi munatentha. Pofika pa malumbiro, nkhopeyo inali itayamba ulendo wopita m'kolala.

Apongozi a Lusia anachedwa panjira, anafika tikutuluka. Galimoto inaima. Munatuluka kamayi kakafupi, konenepa, kakuda kuposa ine, kakupukuta thukuta ndi mpango wa m'manja. Tinjerewere kumaso mpaka m'khosi, m'zikope momwe. Tanga tija tinali ana a sukulu ya mkaka. Sanapake kalikonse. Anandikumbatira, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyang'ana matope amene ankatsika m'masaya mwanga. Anafunsa m'Chipwitikizi, ndi mawu osalala aja, kuti chinachitika n'chiyani. Ndinali nditazolowera kuulula, ndiye ndinaulula. Anaseka mpaka kugwira galimoto.

"Ine wina anafuna kundichotsa timeneti," anatero akuloza kumaso kwawo. "Ndinamufunsa ngati tikumulemera iyeyo."

Anandipatsa mpango wawo, ndinapukuta zonse, ndipo tinajambulitsa choncho. Chithunzicho chili pakhoma kwa Lusia ku Nampula, chachikulu, m'galasi. Akuti alendo amafunsa ngati madirinya anapulumuka pa moto.

Papita miyezi isanu ndi inayi tsopano. A Barnaba anandimangira kachisakasa ka udzu pambali pa thandala, ndipo ndimavala chipewa chachikulu ngati lichero, ana n'kumandipatsa moni wa Chingerezi. Papaya uja anabwerera mwakale pang'onopang'ono. Mawanga azimirira, otsala ndi a mandimu, amene namwino akuti ndi omaliza kuchoka chifukwa ndinawagwirira ntchito kwambiri. Dona Selina ndinamuimbira n'kupepesa, ndinamuuzanso ntchito yanga yeniyeni. Anati anadziwa ndisanakhale n'komwe pampando. Asodzi anasiya kundisungira usipa wabwino. Pa chisankho cha gulu, mpando unapita kwa Mayi Esnati, ndipo ine anandipatsa udindo woyang'anira matsache.

Mlungu watha wapampando watsopanoyo anabwera pathandala m'mawa, anthu asanachuluke. Anagula usipa wa mbale imodzi, anayamikira chipewa changa, anafunsa za Rute, anayang'ana uku ndi uku.

"Mayi a Rute, saluni ija ili mbali iti ya msika? Si ine ayi. Ndi mchemwali wanga wa ku Maniamba, ali ndi tina m'khosi umu."

Ankanena akusisita khosi lake lomwe, pansi pa mkanda.

Ndinamukhazika pansi pa kachisakasa n'kumupatsa ulaliki wabwino kuposa onse amene ndinalalikirapo. Mchemwali wanuyo ayambe waonana ndi namwino. Apite nyengo yozizira ino. Ayese titatu tokha, adikire mwezi. Anene zoona za ntchito yake. Agule chipewa asanakwere galimoto, manja awakhalire m'tchalitchi, ndipo akaona mlamu wanga Joana akubwera, akhome chitseko. Koposa zonse, adzifunse ngati n'zofunikadi, chifukwa ine ndinaphunzira kuti munthu azikhutira ndi mmene alili.

Mayi Esnati anagwedeza mutu pa mfundo iliyonse. Kenako anati mchemwali wakeyo ndi wamanyazi, ndiye wamutuma iyeyo kuti akaone kaye malowo, koma Lichinga saidziwa bwino. Kodi sindingamuperekeze?

Tikunyamuka Lachiwiri, pa minibasi, mipando tasungitsa kale. Ine ndikungoperekeza basi. Kungoti pafoni paja Dona Selina anatchulapo kuti masiku ano akujambulanso nsidze ndi kasingano, zosafufutika ngakhale usambe m'nyanja, ndipo zangazi zayamba kuthothoka cha kumapeto. Sindikachita chilichonse. Ndikangofunsa, ndipo mwina ayese imodzi yokha.